Ndiwo za m'dimba ndi ufa wa spirulina: tiyambire pati?

Masiku ano m'misika ya ku Lusaka ndi pa mafoni athu pali malonda ambiri a mapilitsi ndi ufa wobiriwira wochedwa spirulina. Ogulitsa ena amati ufawu umathetsa matenda alionse. Popeza ndalama za pa banja n'zowerengeka, ndipo nkhaniyi ikukhudza thanzi la ana athu, taona kuti tifotokoze za ufa umenewu ndi malo ake pakati pa ndiwo zamasamba zimene tili nazo kale.

Vuto la kadyedwe lilipodi. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa mu 2018 anapeza kuti mu Zambia ana 35 mwa 100 osafika zaka 5 ndi opinimbira, ana 58 mwa 100 ali ndi magazi ocepa, ndipo amayi a msinkhu wobereka 31 mwa 100 ali ndi vuto lomweli la magazi. Nsima imakhutitsa, koma payokha sipatsa thupi ayironi ndi vitamini A wokwanira.

Spirulina ndi mtundu wa ndere yomera m'nyanja za madzi ofunda amcere. Anthu a mtundu wa Kanembu ku Chad akhala akuikolola kuyambira kalekale, kuiyanika ndi kuithira m'msuzi. Ikauma, kuposa theka lake ndi cakudya comanga thupi, ndipo ili ndi ayironi ndi zimene thupi limasandutsa vitamini A.

Ufawu unayesedwapo kuno ku Chongwe. Mu 2012 bungwe la Programme Against Malnutrition pamodzi ndi Alliance Forum Foundation linatsata ana 60, ndipo ana amene ankathiriridwa spirulina m'phala anatalikirako kuposa anzao. Koma ana 60 ndi ocepa. Kafukufuku wamkulupo, wa ana pafupifupi 500 ku Luapula, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2019, sanapeze kusiyana kwenikweni pa msinkhu ndi kulemera, ngakhale ana opatsidwa ufawo anaonetsa camuna pa kayendedwe. Tikuona apa kuti spirulina si bodza, komanso si mankhwala. Ndi coonjezera cabe pa cakudya, ndipo ana onsewo anali kudyabe phala ndi zakudya za pakhomo.

Pali zinthu zitatu zofunika kusamala. Coyamba, spirulina wolimidwa m'madzi oipa amatha kukhala ndi poizoni woononga ciwindi, conco ufa wopanda dzina la wopanga ndi tsiku lothera nchito tisaugule. Caciwiri, ndere yobiriwira yoyandama pa madamu athu si spirulina. Ina imapha ngakhale ng'ombe. Cacitatu, amene akumwa ma ARV kapena mankhwala a shuga ndi a BP asawaleke cifukwa ca ufa uliwonse. Iwo, amayi oyembekezera, ndi makolo ofuna kupatsa mwana ufawu, ayambe afunsa kucipatala.

Tsopano tiyang'ane m'dimba. Bungwe la World Health Organization limalangiza kuti munthu wamkulu azidya magalamu 400 a ndiwo zamasamba ndi zipatso tsiku lililonse. Kasupuni ka ufa sikangalowe m'malo mwa mbale imeneyi. Bondwe, amene ena timati bonongwe, amamera yekha pafupi ndi khola, koma ali ndi ayironi ndi kashiamu wambiri kuposa kabici amene timagula. Cibwabwa, kapena kuti nkhwani, cimatipatsa vitamini A wothandiza maso ndi citetezo ca thupi. Kalembula timathyola m'munda wa mbatata popanda kubzala cina. Katapa, masamba a cinangwa, ali ndi zomanga thupi zoculuka, koma ayenera kusinjidwa ndi kuwiritsidwa bwino, mphika uli wosavundikira, kuti poizoni wa m'masambawo acoke.

Kaphikidwe ndi kamene kamatitayitsa zambiri. Tizitsuka masamba tisanawadule, tiziphika ndi madzi pang'ono, ndipo msuzi tisataye. Kupatula katapa, ndiwo zambiri sizifuna kukhalitsa pa moto. Soda amafewetsa msanga, koma amaononga vitamini C ndi ena a gulu la B. Nsinjiro kapena mafuta pang'ono zimathandiza thupi kulandira vitamini A, conco ndiwo zotendera za agogo athu zinali ndi nzeru yake. Matimati kapena cipatso monga lalanje ndi gwafa zimathandiza ayironi wa m'masamba kulowa m'magazi, pamene tiyi womwera pamodzi ndi cakudya amamulepheretsa. Kapenta wocepa kapena dzira pambali pa masamba zimakwaniritsa mbale ya mwana.

Cilala ca mu 2024, cimene boma linalengeza kuti ndi tsoka la dziko pa 29 February caka cimeneco, cinatikumbutsa kufunika kwa mfutso. Masamba akaculuka m'dzinja, tiwaviike pang'ono m'madzi owira, tiwayanike pamthunzi pamalo opita mphepo, ndi kuwasunga mouma. Dzuwa lacindunji limaononga vitamini A. Ofuna kuphunzira kulima ndiwo ndi manyowa ali ndi Kasisi Agricultural Training Centre m'boma lathu lomwe lino.

Pempho lathu ku mipingo ndi ili: a cigwirizano ca amayi, abambo ndi acinyamata, mvula isanayambe sungani mbeu za bondwe ndi maungu, mugawireko amasiye ndi okalamba. Amene ali ndi ndalama ya spirulina wodalirika angagule, koma ayambe waona kuti nsinjiro, kapenta ndi masamba zilipo m'nyumba. Ngati ndalamayo ingokwanira cimodzi, ipite ku ndiwo za ana. Ambuye adalitse manja onse olima ndi ophika.