Nambala ya pa Chipata Imakhudza Mtengo wa Mbewu Zanu

Mlimi wa ku Malosa akafika pa msika ndi thumba la nandolo kapena chimanga, maso ake amakhala pa sikelo ya venda. Koma mtengo umene venda amatchula umayambira kutali, pa zipata za dziko monga Mwanza, Dedza ndi Chiponde, pomwe katundu aliyense wotuluka amalembedwa ndi nambala yake.

Nambalazi ndi zofanana m'maiko ambiri. Zinayamba kugwira ntchito m'chaka cha 1988, ndipo amaziyang'anira ndi a bungwe la World Customs Organization. Kuno kwathu amene amazitsata pa chipata ndi a MRA. Chimanga cha mbewu chili pa 1005.10, chimanga chakudya pa 1005.90, pamene ufa wa chimanga uli pa 1102.20. Nandolo wouma ali pa 0713.60. Choncho chimanga chimodzimodzicho chimasintha nambala chikangopita ku chigayo.

Kodi zimenezi zikumukhudza bwanji mlimi? Lamulo la Control of Goods Act la 2018, limene linalowa m'malo mwa la 1968, limapatsa nduna yoona za malonda mphamvu yoletsa katundu wina kutuluka, kapena kulamula kuti atuluke ndi chilolezo basi. Wamalonda akalemba nambala yolakwika, katundu amaimitsidwa pa chipata. Zimene waluza kumeneko amadzazibweza pochepetsa mtengo pogula kwa inu.

Alimi ambiri akukumbukira chaka cha 2017. Chimanga chinachuluka, koma chiletso chotumiza kunja chinachotsedwa mu Okutobala, ambiri atagulitsa kale motchipa. Mu Ogasiti chaka chomwecho dziko la India linachepetsa nandolo wolowa m'dzikomo kufika pa matani 200,000 pa chaka, ndipo mtengo wa nandolo m'maboma a Zomba ndi Machinga unagweratu. Mu 2021 Malawi ndi India anagwirizana kuti tizitumizako matani 50,000 pa chaka kwa zaka zisanu.

Nanga mlimi achitepo chiyani? Choyamba, musasakanize mbewu. Nandolo akhale payekha, khobwe payekha, chifukwa aliyense ali ndi nambala yake. Chimanga cha mbewu chothiridwa mankhwala chisalowe m'thumba la chakudya.

Chachiwiri, umitsani ndi kusankha bwino. Mbewu zotuluka kunja zimafunika chiphaso chosonyeza kuti zilibe matenda ndi tizilombo, chimene amapereka ndi akatswiri a za kafukufuku wa ulimi monga a ku Bvumbwe. Mtedza wa chuku kapena nandolo wofumbwa amabwezedwa.

Chachitatu, gulitsani pa kalabu. Musanatsegule nkhokwe, funsani alangizi anu ngati mbewu yanu ili pa chiletso chaka chino, ndipo wogula amene akuti akutumiza kunja akuonetseni chilolezo chake. Venda akakuuzani kuti "chipata chatsekedwa", yambani mwafufuza musanamupatse thumba lanu.