Chuma cha Ng'oma ndi Mpira: Kodi Chimalembedwa Kuti?

Omvera amene adayendapo pa mseu wochokera ku Lilongwe kupita ku Ntcheu akudziŵa milu ya mbatatesi imene imandandalikidwa pa Bembeke. Mbatatesi ili ndi mwaŵi, pakuti alangizi a zaulimi amayerekeza zokolola zake chaka ndi chaka, ndipo ziŵerengerozo zimakafika ku likulu. Nanga ng'oma ikalira pabwalo la mfumu, kapena mpira ukachitika pa boma la Dedza, ndalama zimene anthu amapatsana tsikulo amazilemba ndani? Funsoli si lachibwana, chifukwa pogaŵa chuma cha boma, ntchito yopanda chiŵerengero imakumbukiridwa pomaliza.

Poyambira posavuta ndi malo amene ali ndi khomo ndi kaundula. Ku Mua kuli malo a zaluso a Kungoni, amene Bambo Claude Boucher adakhazikitsa mu 1976, pamodzi ndi nyumba ya Chamare yosungiramo zamakolo. Pafupi ndi tauni ya Dedza pali fakitale youmba ziŵiya ya Dedza Pottery. M'mapiri a Chongoni muli malo 127 a zojambula zakale za pamiyala, amene bungwe la UNESCO lidawaika m'gulu la chuma cha dziko lonse lapansi mu 2006. Mlendo akalipira pakhomo, akagula chosema kapena kugona usiku umodzi, pamatsala lisiti. Ku mpira nako, matikiti a pachipata amaŵerengeka, ndipo oimba olembetsa ali m'mabuku a bungwe la COSOMA, limene lidayamba ntchito mu 1992.

Gwero lalikulu koposa ndi ofesi yoona za ziŵerengero ya NSO ku Zomba. Kalembera wa 2018 adapeza anthu 830,512 m'boma la Dedza. Ofesi yomweyo imachitanso kafukufuku wa m'makomo, wofunsa zimene banja limagula ndi ntchito zimene limapezera ndalama. Koma apa mpamene pagona vuto. Bambo wosema mitondo ndi ng'oma m'chilimwe, akamufunsa ntchito yake, amayankha kuti ndi mlimi, ndipo sananame ayi. Luso lake limamira m'chiŵerengero cha alimi. Chimodzimodzi mnyamata wa kabaza amene wanyamula ochemerera tsiku la mpira, ndi mai wa chiwaya cha tchipisi kunja kwa mpanda: phindu lawo likalembedwa n'komwe, limaloŵa m'gulu la zamtengatenga kapena zamalonda, osati la maseŵera.

Gule Wamkulu ndiye wovuta zedi. UNESCO idamulemekeza mu 2005, koma ku dambwe sikupita kalaliki, ndipo sikuyenera kupita. Pa chiliza kapena polonga mfumu, anthu amafulula moŵa, amapha mbuzi, amagula nsalu, amafupa ovina ndi oimba ng'oma. Chimanga ndi ndalama zimatuluka m'makomo ambiri, popanda pepala ndi limodzi lomwe.

Mu 2013 bungwe la WIPO lidatulutsa kafukufuku amene adapeza kuti ntchito zodalira umwini wa zaluso, monga nyimbo, mabuku, manyuzipepala ndi wailesi, zinkabweretsa 3.46 peresenti ya chuma chonse cha Malaŵi. Chiŵerengerocho n'chothandiza, koma chidatsamira pa ntchito zimene zili m'mabuku, ndipo zambiri mwa izo n'zam'mizinda. Wosema wa ku Linthipe saonekamo bwino.

Njira yochepetsera mpatawu si yodula kwenikweni. Kafukufuku wa m'makomo atafunsitsa za ntchito yachiŵiri ya munthu ndi kuitchula dzina lake lenileni, osema, oumba mbiya ndi oimba angaonekere paokha. Khonsolo ya boma, imene imadula kale ziphaso m'misika, ingathe kuyerekeza zotolera za tsiku la mpira ndi za tsiku wamba. Za gule, oyenera kufunsidwa ndi mafumu ndi eni mwambo, ndipo funso lake likhale la mbuzi, moŵa ndi nsalu zimene zidagulidwa, osati la zam'dambwe.