Thirakitala Yokoka Ndege za Mabomba

Omvera athu, inu a ku Luwawa mumadziŵa mmene thirakitala imakokera zipika za paini m'nkhalango ya Viphya. Lero tikambe za ina imene inkakoka katundu wolemera koposa.

Pa Nkhondo Yachiŵiri ya Dziko Lonse, Angerezi adali ndi ndege yoponya mabomba yotchedwa Lancaster, ya mainjini anayi, imene ikasenza katundu inkalemera matani pafupifupi 30. Gulu loyamba kumenya nayo nkhondo, m'chaka cha 1942, lidali la nambala 44, lotchedwa Rhodesia. Chindege chotere sichikadatha kubwerera chambuyo pachokha, ndipo kuliza mainjini pofuna kungochisuntha kukadaononga mafuta.

Ntchitoyo inkagwiridwa ndi mathirakitala aang'ono a kampani ya David Brown, opangidwa ku Meltham, m'dera la Yorkshire. Mphamvu ya injini yokha sidali yokwanira. Adaŵalemeretsa dala ndi zitsulo kuti matayala agwire pansi, poti thirakitala yopepuka imangopalasa dothi, monga mudaonera m'matope a dzinja. Ena adali ndi chingwe chachitsulo chozulira ndege ikatitimira. Ankakokanso ngolo za mabomba, pang'onopang'ono ndithu.