Kodi bambo Wilkes anadya ndi ndani?

Ana inu, tiyerekeze kuti mwatola kabuku ka agogo m'sutikesi yakale. Mukutsegula mukuyembekezera zinsinsi, koma tsamba lililonse langolembedwa kumene anadya tsikulo ndi anthu amene anadya nawo. Mungakataye? Musatero ayi!

Kabuku kotere kanasiyidwa ndi John Wilkes, wandale wa ku London amene sankaopa akuluakulu. Mu 1763 anadzudzula mawu a Mfumu George III m'nyuzipepala yake ya The North Briton, kope la nambala 45, ndipo anamutsekera mu Tower of London. Anthu anamukonda kwambiri moti ankalemba 45 ndi choko pazitseko za nyumba. Aphungu anzake ankamuchotsa m'Nyumba ya Malamulo, anthu a ku Middlesex n'kumusankhanso, iwo n'kumuchotsanso. Mu 1776 anapempha kuti ngakhale amuna osauka azivota, koma anzakewo sanamumvere.

Atatuluka m'ndende ina mu 1770 anayamba kulemba dayale, buku la zochitika za tsiku ndi tsiku, mpaka 1797, chaka chimene anamwalira. Munthu wolongolola chotere, koma m'dayale anali waumbombo ndi mawu: malo, mayina, basi.

Tsono akatswiri a mbiri yakale amaliwerenga ngati mlenje wolondola mapazi a gwape. Kwathu kuno timadziwa kuti anthu ogwirizana ndi amene amadyera mbale imodzi. Dzina likamabwera sabata ndi sabata, ameneyo ndi bwenzi. Likazimiririka mwadzidzidzi, amafunsa: adayambana, kapena adasamuka? Yankho amakalifuna m'makalata ndi m'mabuku a anthu ena.

Dzina lina limene limabwerabwera ndi la mwana wake wamkazi, Mary, amene ankamutchula kuti Polly. Wilkes anasiyana ndi mkazi wake pamene Polly anali wamng'ono, ndipo mwanayo anakhala mbali ya bambo ake. Anamutumiza kukaphunzira ku Paris. Wilkes atasankhidwa kukhala meya wa London mu 1774, Polly ndiye ankalandira alendo pamaphwando a ameya. Amene amangodziwa Wilkes waphokoso uja amadabwa kupeza bambo wokonda kudya ndi mwana wake.

Nkhani imene imandiseketsa ine ndi ya pa 15 May 1776. Wilkes anadya kunyumba ya ogulitsa mabuku, a Dilly, pamodzi ndi Samuel Johnson, mlembi wa dikishonale yotchuka, amene ankadana naye koopsa. Amene anatchera msampha wowakumanitsawu anali James Boswell, mnzake wa Johnson, ndipo ndi iyeyo amene anatiuza zonse. Akuti Wilkes anakhala pafupi ndi Johnson, n'kumamugawira nyama ya mwana wa ng'ombe mwaulemu waukulu. Johnson anayamba ali ndwii, koma pomaliza awiriwo anali kuseka limodzi, akumunena Boswell yemweyo chifukwa chochokera ku Scotland.