Mwana Akabwera Kutchuthi Atasintha

Mwana akasankhidwa kupita ku yunivesite, mpingo wonse umanyadira. Kuno ku Balaka timamuperekeza ndi mapemphero, amayi a Dorika n'kumusonkhera sopo ndi kaufa, iye n'kukwera minibasi yodzera ku Liwonde ulendo wa ku Zomba, kapena wa ku Blantyre, ku Bunda ngakhale ku Mzuzu. Koma ilipo nkhani imene timangoinong'ona kuseri kwa tchalitchi: ena mwa ana athuwa amabwera kutchuthi atayamba chamba, mowa, kapena mankhwala a chifuwa okhala ndi codeine.

Ife odzipereka pa zaumoyo mumpingo taona kuti chimene chimapha ana ambiri ndi manyazi a pabanja. Makolo amabisa poopa kuti anthu ati chiyani, mpaka matenda kukula.

Zimayamba bwanji? Malo ogona pasukulu sakwanira, choncho ophunzira ambiri amachita lendi m'madera ngati Chikanda ku Zomba, kutali ndi diso la makolo. Ndalama zatha, mayeso ayandikira, ndiye mnzake amuuza kuti chamba chimathandiza kuwerenga usiku wonse. Limeneli ndi bodza. Chamba chimafooketsa kukumbukira, ndipo kwa achinyamata ena chimayambitsa matenda a maganizo, pakuti ubongo umapitiriza kukhwima mpaka zaka pafupifupi 25. Ena amati boma linachiloleza. Ayi, lamulo la 2020 linalola kulima chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale kwa okhala ndi chilolezo. Kusuta n'kulakwirabe lamulo.

Zizindikiro zake n'zooneka: maso ofiira, kugona masana, kupsa mtima msanga, kupempha ndalama pafupipafupi, kusowa kwa foni kapena laputopu, ndi kubisa zotsatira za mayeso. Mukaziona, musamufunse ataledzera kapena pamaso pa alongo ake. Dikirani mutu wake uyere, mukhale naye pansi awiri, mumufunse mofatsa, ndipo mumvetsere kuposa kulankhula.

Cholinga chathu monga Aadiventi sichinasinthe: kusiyiratu. Koma kuti mwana adzasiye, ayenera kukhala ndi moyo kaye. Tsono banja lililonse lidziwe izi. Mukamupeza atakomoka, mugonekeni cham'mbali kuti masanzi asamutsamwitse, musamumwetse kapena kumudyetsa kanthu, ndipo musamusiye yekha kuti agone zimuthere. Ngati akupuma movutikira, thamangirani naye kuchipatala. Muuzeni mosabisa kuti kusakaniza mowa ndi codeine kapena mapiritsi ogonetsa kumaimitsa kupuma. Amene wamwa kwambiri tsiku ndi tsiku kwa nthawi yaitali asasiye mwadzidzidzi popanda a chipatala, chifukwa akhoza kunjenjemera, kuona zilubwelubwe, ngakhale kugwa ngati wakhunyu. Akasokonekera mutu, kumumenya kapena kumutsekera m'nyumba si mankhwala.

Poyambira ndi pachipatala cha boma cha Balaka kapena cha Machinga ku Liwonde. Kumeneko akamuona, ndipo ngati n'kofunika akamutumiza ku Zomba Mental Hospital. A St John of God, ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, amathandizanso ofuna kusiya mowa ndi mankhwala ozunguza bongo. Pemphero ndi chipatala sizilimbana, ziyendere pamodzi.

Nanga mpingo? M'buku la The Ministry of Healing, lotuluka mu 1905, Mayi Ellen White anapatula mutu wonse wa kuthandiza ogwidwa ndi zoledzeretsa, ndipo amaphunzitsa kuti tisawataye ngakhale atagwa kangapo. Akulu a mpingo, mwana akamachoka mulembereni kalata yomudziwitsa ku gulu la ophunzira a Chiadiventi pasukulu pake. Atsogoleri a achinyamata, muimbireni foni pakati pa temu, osadikira tchuthi. Akabwera pa Sabata akununkha fodya, musunthireni pabenchi, ndipo masana mumuitanire nsima. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo amene akudziwa kuti kwawo chitseko sichinatsekedwe savutika kupempha thandizo.