Mukatola nkhomo, palibe kubwerera

Pa bawo ku Kawale kapena ku Biwi, chimene chimandiwawa ndi munthu woti wayamba kuyendetsa nkhomo, waona kuti zikathera poipa, ndiye akuti ayambirenso. Mapeto wawadziwa kale, choncho kubwerezako ndi kuba.

Osewera Dungeons & Dragons, masewera a nthano omwe anatuluka ku America mu 1974, amalimbana ndi vuto lomweli. Wina akaponya dayisi ya mbali 20 pofufuza msampha, nambala n'kuchepa, anzake onse amafuna kuponya nawo, chonsecho anthu a m'nthanomo, omwe osewerawo amawaimira, nambalayo sanaione. Woyendetsa masewera wanzeru amalola kuponya kamodzi kokha, kapena amaponya yekha mobisa.

Anzanga a pa bawo, werengani maenje ndi maso musanatole. Mukatola, yendetsani mpaka zithe.