MANDA AKALE ANAIMITSA NTCHITO YA BOMA KU NEW YORK

Boma likafuna kumanga nyumba ya milandu kapena ya maofesi, kawirikawiri limasankha pakati pa mzinda, chifukwa ndi pamene anthu amafikapo msanga. Koma pakati pa mzinda sipakhala thengo lopanda mwini. Malo aliwonse ali ndi mbiri yake, ndipo eni mbiriyo akaona kuti sanafunsidwe, pamabuka mkangano. Zotere zinachitika ku New York, mzinda waukulu wa m'dziko la Amereka, kuyambira m'chaka cha 1991.

Chiyambi cha nkhani

Boma la Amereka linakonza zomanga nyumba ziwiri zazikulu pafupi ndi Foley Square, dera limene muli makhoti ambiri. Imodzi inali nyumba ya milandu, pa msewu wa Pearl Street. Ina inali ya maofesi, pa msewu wa Broadway, yosanjikizana ka 34. Ntchitoyi inali m'manja mwa nthambi ya Boma yotchedwa General Services Administration.

M'dzikomo muli lamulo la chaka cha 1966 lonena kuti Boma lisanamange, liyambe lafufuza ngati pamalopo pali zinthu za makedzana. Mapu akale anasonyeza kuti pamalo a maofesiwo panali manda a anthu akuda, koma ambiri anaganiza kuti mandawo anafafanizika kalekale. Atakumba anadabwa kupeza mafupa a anthu ali m'malo mwake. Pokuza mzinda, anthu anathira dothi lambiri pamwamba pa manda, kotero kuti ena anali pansi mafiti oposa 20, ndipo dothilo ndilo linawasunga.

Kodi anali manda a yani?

Kale mu New York munali akapolo ochokera ku Afirika, ndipo ukapolo unatha kumeneko m'chaka cha 1827. M'chaka cha 1697 anthu akuda analetsedwa kuika maliro awo m'manda a tchalitchi cha Trinity. Tsono iwo ankaika abale awo kunja kwa mzinda, pa malo a maekala oposa 6, mpaka chaka cha 1794. Akatswiri amati pamenepo panagona anthu okwana ngati 15,000, akapolo ndi mfulu zomwe. Mzinda utakula, malowo anamangidwapo nyumba ndipo anaiwalika.

Madandaulo a anthu

Anthu akuda a mumzindamo atamva, anadandaula zinthu zitatu. Choyamba, Boma silinawafunse maganizo, chonsecho ogona pamenepo anali makolo awo. Chachiwiri, ntchito yofukula inali yothamanga chifukwa omanga sanafune kuchedwa, ndipo mu February 1992 makina okumbira anaphwanya manda ena. Chachitatu, anafuna kuti mafupa aonedwe ndi akatswiri odziwa bwino mbiri ya anthu akuda.

Anthuwo anachita misonkhano, analemba makalata, ndipo anasonkhana pamalopo kupemphera. Anapita kwa meya wa mzinda, Bambo David Dinkins, amene anali munthu wakuda woyamba kukhala pa udindowo. Mu July 1992 phungu wa Nyumba ya Malamulo, Bambo Gus Savage, anaitanitsa bwalo mu New York kuti amve mbali zonse, ndipo ntchito yofukula inaimitsidwa. Onse pamodzi anafukula mafupa a anthu 419, ndipo pafupifupi theka anali ana.

Mmene mlandu unathera

Mu October 1992 Pulezidenti George Bush anasaina lamulo loletsa kumanga chigawo china cha nyumbayo chimene chikanakhala pamwamba pa manda otsala, ndipo Boma linapatula madola 3 miliyoni a chikumbutso. Nyumba yaikulu ya maofesi inamangidwa ndithu, nayonso nyumba ya milandu inamangidwa pa malo ake.

M'chaka cha 1993 mafupa anatumizidwa ku Howard University, mumzinda wa Washington, kumene Dr. Michael Blakey anatsogolera ntchito yowayeza. Mafupawo anasonyeza kuti anthuwo ankagwira ntchito yakalavulagaga ndi kusenza katundu wolemera, ndiponso kuti ambiri ankasowa chakudya chokwanira. Ena anali ndi mano osema monga mwa miyambo ya ku Afirika, ena anaikidwa ndi mikanda.

Mu October 2003 mafupa onse anabwezedwa pa malo omwewo ndi mwambo waulemu, m'mabokosi osemedwa ku Ghana. M'chaka cha 2006 malowo anaikidwa m'gulu la malo otetezedwa ndi Boma, ndipo m'chaka cha 2007 anatsegula chikumbutso cha miyala. Lero ana a sukulu ndi aphunzitsi awo amapitako kukaphunzira mbiri.

Nyumba ya milandu ndi maofesi n'zofunika kwa anthu onse, ndipo a ku New York anazipeza. Koma kuyambira pa kufukula mpaka pa kubweza mafupa panapita zaka 12, ndi ndalama zambiri. Boma likadayamba lakhala pansi ndi eni manda ntchito isanayambe, nthawi ndi ndalama zoterezi sizikadaonongeka, ndipo manda amene anaphwanyidwa aja akadakhala osakhudzidwa. Akuluakulu anati kufunsa ndi kudziwa njira.